Chaka chimene ndinasala soseji

Ine pa nkhani ya chakudya sindinakhalepo ndi manyazi. Amayi anga amati ndinabadwa ndi njala ya anthu awiri. Kusukulu kwathu ku Ndirande, sukulu ya Katolika yogundana mpanda ndi tchalitchi, aliyense ankadziwa kuti belu la phala likalira, mtsikana woyamba pamzere ndi ine. Kapu yanga inali yofiira, ndipo ndinkaimangirira m'chiuno ndi chingwe kuopa akuba. Azimayi ophika phala, omwe ankabwera mosinthana kuchokera m'makomo mwathu momwemu, akangondiona ankagwedezana: "Pakulani, wafika mwini mphika."

Chaka chimene ndinali Sitandade 5, pa Lachitatu la Phulusa, tinabwerera m'kalasi aliyense ali ndi kamtanda kakuda pamphumi. A Sisitere, amene ankatiphunzitsa za chipembedzo, anali mayi wamfupi wa magalasi ochindikala. Anatifotokozera kuti Lenti ndi nyengo yodzimana. Aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene amachikonda, achisale mpaka Pasaka, achipereke kwa Mulungu pamodzi ndi pempho lake.

Koma abale, mwana wa ku Ndirande sumupusitsa. Anayamba kuimirira mnyamata wina wa makutu aakulu, nkhope ili ndwii ngati ali pamaliro. "Ine, a Sisitere, ndasala kukwera ndege." Wina anasala ayisikilimu. Wina anasala kuonera kanema, chonsecho kwawo kunalibe ndi magetsi omwe. Itafika nthawi yanga ndinaika dzanja pamtima n'kunena mokweza kuti ndasala soseji. Soseji imeneyo ndinali ndisanailawepo chibadwire. Ndinkangoiona m'tauni, ili kuseri kwa galasi. A Sisitere anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Mulungu akukumvani nonsenu," anatero.

Womaliza anali mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Anali atangobwera kumene teremu yomweyo kuchokera ku Nsanje, wamtali, wosalankhulalankhula. Bambo ake ankalawirira m'mawa uliwonse kupita ku Makata kukaima pamageti a mafakitale, kudikira kuti mwina wina awaitana. Anaimirira n'kunena motsitsa mawu, "Ine ndasala phala."

Tinafa nacho chikhakhali. Tinkayesa watiposa tonse nthabwala. A Sisitere anangoti, "Ayi mwana wanga, usankhe china," iye n'kungokhala pansi.

Belu litalira, mnzangayo sanabwere pamzere. Anakakhala pakhonde la tchalitchi, kapu ili pamiyendo. Ine, poti mwayi sudikira munthu, ndinafunsa amayi ophika ngati gawo lake lingabwere kwa ine. "Choka apa! Mutu umodzi, kapu imodzi," anandikalipira, chipande chili m'mwamba.

Masiku anayamba kupita, iye osamwa. Poti tinkakhala phewa ndi phewa, ndinkamva m'mimba mwake mukulira mkati mwa masamu. Ife enafe tikaweruka tinkapeza kambatata kapena mkute kunyumba. Iye ndinadzadziwa kuti kwawo ankadya kamodzi, madzulo, ndipo masiku ena moto sunkayaka n'komwe. Phala lakusukulu ndiye linali chakudya chake chenicheni. Kuseka kuja kunandithera.

Lachisanu lililonse la Lenti sukulu yonse inkalowa m'tchalitchi kukachita Njira ya Mtanda. Amene anaichitapo akudziwa: kugwada, kuimirira, kugwada, kuimirira, kutsata zithunzi za pakhoma, mawondo mpaka kuchita dzanzi. Lachisanu lina tili mkati, ndinangomva khu! Mnzanga uja ali pansi. Wa ndege uja ananong'ona kuti, "Eee, wayamba kutsanzira Ambuye," koma ataona kuti maso atembenuka, anatseka pakamwa.

Anamunyamulira panja pamthunzi. Atatsitsimuka, a Sisitere anabwera ndi kapu ya phala lotentha ndi manja awo. Mnzangayo anangoluma mano.

"Imwa, mwana wanga. Mpingo sufuna kuti ana azigona ndi njala."

"Ndinalonjeza kale, a Sisitere. Ndikamwa, ababa sapeza ntchito."

"Ine ndakumasula. Ngakhale bambo mfumu akuuza zomwezi."

"Sindinalonjeze kwa inu."

Kalanga ine! Chiyambire sindinamvepo mwana akuwayankha choncho a Sisitere. Koma sanali wamwano, anali kulira. A Sisitere anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati Lolemba samwa, aitanitsa bambo ake. Apo ndiye mnzangayo analira zenizeni. Anati bambo ake akamva kuti mwana wawo akukomoka chifukwa cha ulova wawo, afa ndi manyazi, ndipo mwina amubweza kumudzi.

Poweruka tinamuzungulira kuseri kwa kalasi. Ine nzeru za m'mabuku zinandipita pambali, koma nzeru zozembera malamulo ndinali nazo zodzaza thumba. Ndinakumbukira chithunzi chimodzi cha pakhoma paja, cha bambo uja anamugwira panjira kuti athandize Yesu kusenza mtanda.

"Iwe," ndinatero, "Ambuye enieniwo anawathandiza kusenza. Iwe ndiwe ndani kuti usenze wekha? Mulungu unamulonjeza kapu imodzi tsiku lililonse, si choncho? Nanga anakuuza kuti kapuyo ikhale ya ku Nsanje? Tizisinthana. Lero asala uyu, mawa uyo, iwe uzimwa. Kumwamba kapu izifika ndithu."

Anasinkhasinkha pang'ono. Kenako anafunsa, "Ndiye ayambe ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Mayo ine, pakamwa panga! Ndinayesa kunena kuti ine ndasala kale soseji, munthu sasenza mitanda iwiri, koma anandikuwiza. Wa ndege uja anati, "Wayambitsa ndiwe, tsogola."

Lolemba limenelo sindidzaliiwala. Belu linalira, miyendo yanga inanyamuka yokha, ndinachita kuigwira. Ndinakakhala pakhonde la tchalitchi, kapu yanga yofiira nditaivundikira pansi. Mphepo nayo yopanda chisoni inkabweretsa fungo lonse kwa ine. Amayi ophika anatumiza mwana kudzafunsa ngati mwini mphika wadwala. Ndipo mnzanga uja anabwera ndi kapu yake yodzaza, n'kukhala moyang'anizana nane, n'kumamwa pang'onopang'ono, diso lili pa ine kuti ndisazembe. Ndinamuda tsiku limenelo, ndisaname. Koma masana ake m'mimba munalira mwanga, mwake muli zii, ndipo anayankha funso la masamu koyamba chibwerere.

Kuyambira pamenepo anasanduka wapolisi wathu. Wosala aliyense ankamuyendera, kumuyang'ana milomo, kununkhiza kapu. Analowa nawo ngakhale ana a mipingo ina. Mnyamata wina wachisilamu anatiseka kuti, "Kapu imodzi yokha mukulira nayo? Ife timasala tsiku lonse," n'kutenga masiku awiri otsatizana, modzionetsera.

Nkhani ya ku Ndirande siigona. A Sisitere anamva, n'kutiitana. Ndinafotokoza zonse. Anavula magalasi aja, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atatembenuka anati sakudziwa kuti akuluakulu a mpingo anganene chiyani za chiphunzitso changachi. Anaika lamulo limodzi: wosala akhale yekhayo amene wadya kanthu kunyumba m'mawa, ndipo gawo lake lizipita kwa tiana ta Sitandade 1. Lachisanu lotsatira tinangoona a Sisitere akubwera ndi kapu yawo ya dongo, n'kukhala pakhonde paja, n'kuivundikira pansi. Mnzanga uja anawayendera nawonso. Anawayang'ana milomo ngati wina aliyense.

Tinatsekera sukulu, Pasaka inadutsa. Tsiku lotsegulira mnzanga uja anatisonkhanitsa kuseri kwa kalasi, nkhope ili gwa.

"Ababa apeza ntchito ku Makata," anatero. Tinayamba kukuwa, koma anatiletsa ndi dzanja. "Koma ndi ganyu chabe, yonyamula matumba. Ine ndinapempha ntchito yokhazikika. Ndiye kuti alipo wina pano ananyambita phala pa tsiku lake losala."

Aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Ine si ine, ndipo ndikhoza kulumbira paliponse. Mpaka lero ndimakayikira wa ndege uja, chifukwa tsiku lake anapita kuchimbudzi kawiri, ndipo njira ya kuchimbudzi inkadutsa kukhitchini.

Ena atabalalika, mnzangayo anandikoka malaya. Anatulutsa m'thumba la yunifolomu kanthu kokulungidwa m'pepala lonona mafuta, n'kundiika m'manja. Nditatsegula ndinapeza soseji imodzi, yaifupi ngati chala, yozizira, yopserera mbali imodzi.

"Lenti yatha," anatero. "Ukhoza kuyambiranso kudya."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Pakona pa mlomo wake pankanjenjemera. Ankadziwa, mfiti imeneyi, ankadziwa kuyambira tsiku la phulusa lomwe lija!

"Nanga yako ili kuti?"

"Ababa anagula imodzi yokha. Ndinawauza zonse atalandira malipiro oyamba. Anangonyamuka n'kutuluka. Pobwera anati ndikapatse mwana amene anayamba kuvundikira kapu."

Ndinangoigwira osailuma, ine amene sindinadikirepo pamaso pa chakudya. Ndinaganiza za bambo amene sindinawaonepo, atasenza matumba sabata yathunthu, ataima pa wokazinga nyama kugulira mwana wa eni soseji. Ndinainyema pakati. Sinanyemeke mofanana, ndipo mbali yaikuluyo ndinampatsa iye.

Amayi anga nkhani yonseyi amaivomera, za kukomoka, za a Sisitere, zonse. Koma ndikafika pa mbali yaikuluyo amapukusa mutu, amati pamenepo ndiye ndawonjezera.