Mchere ndi Mphonje za Chovala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinatha msinkhu, tikukhala ku Kawama, ku Ndola. Amayi ankaswera kumsika kugulitsa salaula, zovala zakaunjika, choncho amene anandilanga anali azakhali, mayi wa Chigwirizano cha amayi a mpingo, wokulira ku Katete. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti masiku a kumwezi ndisathire mchere m'ndiwo, kuopa kuti abambo angadwale mdulo, chifuwa chimene ankati chimapha.

Ndinali mtsikana wamanyazi. Zimene pakamwa pankakana kunena ndinkazilemba m'kope lofiira limene ndinkabisa pansi pa matilesi.

Loweruka lililonse ndinkapita ku kalasi yokonzekera Mgonero. Ankatiphunzitsa a Tembo, wophunzira ubusa wochokera ku Kitwe, amene ankakonda kunena kuti Uthenga Wabwino sungaumvetse usanadziwe mmene Ayuda ankakhalira. Tsiku lina anabwera ndi nsalu yoyera yokhala ndi mphonje m'makona onse anayi. Anati amuna achiyuda ankavala mphonje zotere kuti azikumbukira malamulo a Mulungu, ndipo mphonje ya mtundu umenewu ndiyo imene mayi wa nthenda yotaya magazi uja anagwira pa chovala cha Yesu. Mwa lamulo la Mose mayiyo anali wodetsedwa, ndipo wokhudza mphasa yake kapena mpando wake ankadetsedwanso. Anakhala choncho zaka khumi ndi ziwiri.

Ndinawerengera pa zala, ndinaona kuti unali pafupifupi moyo wanga wonse. Nditafika kunyumba ndinalemba kuti: "Mayi uja anagwira Yesu, koma Yesu sanadwale. Nanga mchere wanga ungaphe bwanji munthu?"

Azakhali analipeza kopelo akutulutsa matilesi kuti ayanike. Analiwerenga mokweza pakhonde, amayi oyandikana nafe akumva.

"Bwerani mumve abusa athu aang'ono. Iwe, ukufuna kupha bambo ako ndi Baibulo?"

Loweruka anandigwira padzanja mpaka kutchalitchi. Analowa m'kalasi osaodira.

"A Tembo, anawa mukuwaphunzitsa Chikhristu kapena Chiyuda? Za magazi a akazi n'zonena pamaso pa anyamata?"

Ndinayang'ana aphunzitsiwo, ndikudikira kuti anene zija anatiuza. Iwo anapinda nsalu yawo pang'onopang'ono.

"Amayi, ine ndimafotokoza za Ayuda akale. Za kukhitchini kwanu sindinatchule. Mwanayu wangowonjezera zake."

Anyamata a kumbuyo anayamba kundinena m'Chibemba, akuseka. Azakhali anandichotsa m'kalasi tsiku lomwelo, ndipo kope langa linapsa pa mbaula. Anzanga analandiridwa ku Mgonero chaka chimenecho ine ndikuonerera pa benchi ya ana. Ndinadikira chaka china chathunthu.

Kwa nthawi yaitali ndinkadana ndi azakhali okha. Lero ndikuona kuti iwo ankaopadi kuti mlongo wawo afa. Amene sindinawamvetse ndi a Tembo, odziwa ulusi uliwonse wa mphonje zija. Tsiku lija ndinadziwa chifukwa chake mayi wa m'Baibulo uja anadzera kumbuyo kwa Yesu: ankawadziwa anthu. Koma Yesu anaima pakati pa gulu, anamufunafuna, anamutcha mwana wake onse akumva. A Tembo ankadziwa zonsezi, ndipo ine ndinali chiimire pamaso pawo.

Mwana wanga wamkazi atatha msinkhu, ndinamupatsa botolo la mchere m'manja, ndiwo zili pamoto.