Mpanda Wokhota wa Nyumba Yakale ku Ching'ambo

Mukapita kukaona nyumba yakale ija ya kuseri kwa Ching'ambo, imene boma linaikapo chikwangwani choti ndi chuma cha dziko, musangoyang'ana makoma. Muzungulire kumbuyo, muone mpanda. Mbali zina zonse ndi wowongoka bwinobwino, koma kumbuyoko unakhota, unatuluka kukazungulira mtengo wa msuku kenaka n'kubwerera. Anakhotetsa mpandawo ndine, ndipo sindipepesa kwa aliyense.

Ndinabwera ku Mzuzu ndili kamtsikana kongokwatiwa kumene, ulamuliro wa atsamunda ukadalipo. Amuna anga anali kalaliki wa boma, ndiye anawasamutsa kuchokera kwathu ku Dedza. Tauni imene mukuinyadira leroyi kunalibe. Kunali maofesi ochepa, mizere ya nyumba za antchito, mitengo ya mafuta imene azungu ankabzala m'zitunda, basi ndi mvula. Mayo ine, mvula! Ine wa ku Dedza ndinkati kuzizira ndimakudziwa, koma kuno ukachapa chovala chinkayamba kununkha nkhungu chikadali pachingwe.

Ndinafika ndi khanda kumsana, mwana wamkazi, chisamba changa. Chifuwa chinamutenga mvula yoyamba yomweyo isanathe. Kwathu kunali kutali, msewu uli matope okhaokha, ndipo ife alendo tinalibe manda kuno. Akulu a mpingo anatimvera chisoni, natipatsa malo kuseri kwa nyumba yakale, patsinde pa msuku. Nyumbayo anaimanga ndi amishoni oyambirira, kuti azipumulirapo akamachokera kunyanja kupita kumtunda, ndipo m'masiku athu amayi tinkapemphereramo pakati pa sabata. Pamandapo ndinazunguliza miyala, ndipo ndikatuluka m'mapemphero ndinkakazulapo udzu.

Amene anandigwira dzanja pa malirowo anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mtonga wa ku Nkhata Bay, wamkulu kwa ine, wathupi lake komanso wamawu ake. Tonse tinkangowatchula kuti amama. Akamayankhula ankasakaniza Chitonga, Chitumbuka ndi chathu mumphika umodzi, ndipo ukapanda kumva ankabwereza zomwezo mokweza. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kunena yewo m'malo mwa zikomo, ndi iwonso amene anandiphunzitsa kusekanso.

Patapita zaka zingapo, ndili ndi ana ena awiri, amuna anga anabwera kuchokera ku ofesi nkhope itagwa. Anati kukubwera msewu watsopano wopita kuminda ya azungu, ndipo udutsa ndendende panyumba yakale. Katapila, chigalimoto chokumba misewu, igwetsa nyumbayo ndi kusalaza ponseponse.

"Nanga mwana wanga?" ndinafunsa.

"Manda amodzi, opanda mwala wolemba, boma silingawaone," anatero akuyang'ana pansi.

Ndinawalalatira ngati msewuwo akumanga ndi iwo. Iwo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, anadikira kuti mpweya undithere, ndiye anati pali kanjira kamodzi. Kukubwera mzungu wina wochokera ku Zomba, amene ntchito yake ndi kuyendera nyumba zakale. Nyumba imene iye waivomereza amaimangira mpanda, ndipo palibe angaikhudze, ngakhale a misewu. Adzafika kudzaona yathuyi sabata yamawa.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa amama. Atangomva anaomba m'manja.

"Mlendo wamkulu chomene akwiza, ndiye nyumba ili momwe muja? Mukufuna atiyese nkhumba?"

Ankanena zoona. Makoma anali atada bii ndi ndere, mkati mukununkha mileme, pakhomo pali thengo. Inu nomwe tandiuzani, kwanu kukamabwera mlendo woti akuweruzeni, mumatani? Simusesa? Simuzira? Kwathu mkazi amene walandira mlendo m'nyumba yosazira amasekedwa mpaka kuchitsime. Palibe ngakhale mmodzi mwa ife amene anaganiza kawiri.

Tinamemana amayi onse a mpingo, Achewa, Atumbuka, Atonga, aliyense ndi khasu lake ndi tsache lake. Tinalambula njira, tinapala ndere ndi mapale, tinathamangitsa mileme ndi utsi. Amama anakwera pampando kukachotsa chitseko chakale chodyedwa ndi chiswe, nabweretsa cha kukhitchini kwawo. Amuna awo anakhala masiku amenewo akuphikiridwa pamphepo, ndipo sanayerekeze kufunsa.

Laimu anabweretsa ndi amuna anga. Ndikunena zimenezi momveka chifukwa kufikira tsiku lomwalira ankakana. Anabwera naye okha panjinga, m'thumba, akunyadira kuti nyumba za boma zonse zimapakidwa choncho. Tinapaka kutsogolo, tinapaka m'mbali, tikuimba nyimbo, nyumba n'kuyera mbee ngati chipatala. M'munsi mwa khoma ine ndinadutsitsa mzere wa dothi lakuda monga timachitira kwathu, mpaka amayi a Chitumbuka anaima kumasirira.

Koma laimu anatithera tisanafike kumbuyo. Tinathira madzi, tinathiranso, mpaka m'chidebe munatsala madzi okhaokha. Khoma lakumbuyo linatsala momwe linalili, lakuda, landere, lochititsa manyazi. Tinagwirizana kuti mlendo asadzapondeko kumeneko zivute zitani. Akadzangoti akhote, amama adzamutsekereza ndi tiyi.

Chomaliza chinali kuzira pansi. Tinazira kutatsala tsiku limodzi kuti mlendo afike, dothi labwino lochokera kudambo, tikuti pofika mawa pakhala pataumiratu. Tinaiwala kuti kuno ndi ku Mzuzu. Kutacha, pansi panali pakadali nyowee.

Mlendo anafika chakumasana pa galimoto ya boma, amuna anga atakhala kumbuyo ngati womasulira, pamodzi ndi amesenjala awiri. Anali mzungu wamtali, wowonda, wa chipewa chachikulu ndi nsapato za jombo. Ife tinali titandanda titavala zoyera, ndipo tinayamba nyimbo yomulandira. Anavula chipewa, namwetulira, nayang'ana uku ndi uku. Nyimbo itatha anafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka:

"Zikomo amayi. Tsopano, nyumba yakale ili kuti?"

Amama anatambasula manja onse awiri kuloza nyumba, chifuwa chili patsogolo.

Mzungu uja anaiyang'ana nthawi yaitali. Anayandikira, nakhudza khoma, nayang'ana chala chake choyera. Anaona chitseko cha kukhitchini kwa amama. Kenaka anatembenukira kwa amuna anga n'kuyankhula Chingerezi chambiri mofulumira, nkhope itafiira. Amuna anga anayamba kutuluka thukuta kuzizira konse kuja.

"Akuti chiyani?" ndinawanong'oneza.

"Akuti iye amafuna zakale zooneka ukale wake. Akuti iyi yaoneka ngati yomangidwa dzulo, sangaivomereze. Akufunsa kuti anapaka laimu ndani."

"Ndiye mwawauza kuti ndani?"

"Ndati amayi."

Ha! Ndikanakhala ndi chipande m'manja, sindikudziwa. Koma mkwiyo sunakhalitse, chifukwa ndinaona mzungu uja akuvala chipewa, akulunjika kugalimoto. Sabata yonse ndinkapala ndere ndi manja angawa kuti ndipulumutse mwana wanga, ndipo ndimomwe ndinali kumuperekera kwa katapila.

Amama okha sanamve kuti zinthu zavuta. Ankafunsa mokweza kuti, "Wakana? Wakana chifukwa nyumba njoyera? Kwawo amagona m'zinyalala?"

Nthawi yomweyo mvula inagwa. Sinali ya mawawa ija, inali yeniyeni, yobwera chopingasa ndi mphepo, yomenya kutsogolo kwa nyumba. Galimoto inali patali, kumene njira inathera. Mzungu anathamangira kukhomo kuti abisale mkati, koma anapeza amama ataima pakhomopo, atadzaza mpata wonse.

"Yayi, bwana! Pansi pakadali pauwisi. Ndi majombo amenewo? Yayi!"

Tangoganizani, masiku amenewo, mayi wachikuda kukaniza bwana wa boma kulowa m'nyumba. Amuna anga anatseka maso. Mzungu anaima kakasi madzi akutsika m'chipewa, ndiye poona kuti phirilo silisuntha, anathamanga chozungulira nyumba kufuna kobisala mphepo. Analunjika kumbuyo, kukhoma lathu la manyazi. Amama anakuwa kuti tiyi, tiyi, koma zinali zitatha.

Ndinamutsatira ndikudziwa kuti tsopano tathera pomwepo. Ndinamupeza pansi pa denga, mphuno ili pafupi ndi khoma, akusisita njerwa ngati akusisita mwana. Anali akuseka yekha. Anaitana amuna anga, nawaonetsa njerwa zazikulu zosafanana ndi zamasiku ano, zomangidwa ndi dothi osati simenti, zina zili ndi zidindo za zala za anthu amene anaziumba. Ndere zomwe zija, zimene tinkachita nazo manyazi, ankaziyang'ana ngati ndiwo zankhuli.

"Iyi! Iyi ndiyo nyumba yakale!" anatero.

Anati aivomereza, koma tilonjeze kuti sitidzapakanso laimu, ndipo chitseko chakale tibwezeretse. Amama anayankha kuti yewo chomene, kenaka anandinong'oneza kuti munthuyu mutu wake suli bwino, tingomumvera chisoni. Za laimu sitinavutike nazo. Mvula ya tsiku lomwelo inayamba kumutsuka, ndipo inatiyeretsa ife tomwe m'mapazi.

Mvula itakata, amesenjala anatsitsa zikhomo ndi chingwe kuti aike malire a mpanda. Amayi anayamba kululutira, ine ndikululutira nawo. Mzungu ankayeza ndi mapazi kuchokera pakhoma, akaima mesenjala n'kukhoma chikhomo. Anayeza kutsogolo, anayeza m'mbali, nafika kumbuyo. Anayenda pang'ono, naima. Mesenjala anakhoma, nakoka chingwe. Nthungululu inandithera m'kamwa. Chingwe chinadutsa pakati pa nyumba ndi msuku. Nyumba inali mkati, mwana wanga anali kunja, kumbali ya msewu.

Ndinayang'ana amuna anga. Anandipukusira mutu pang'ono, kundiuza ndi maso kuti ndisayambe, tapeza kale zambiri. Sindikuwanena, ntchito yawo ndiyo inkatidyetsa, ndipo iwonso misozi inali italengeza. Koma ine sindinapale ndere sabata yathunthu chifukwa cha njerwa za amishoni.

Ndinapita pachikhomo paja, ndinagwada m'matope monga timagwadira poyankhula ndi akuluakulu, ndinachigwira ndi manja awiri. Sindinafune womasulira.

"Bwana, chikhomo ichi chalakwika."

Anadabwa. Anati wayeza bwino.

"Mwayeza nyumba. Koma apo, pamiyala apo, pagona mwana wanga. Ndinabwera naye kuchokera ku Dedza ali kumsana. Mukamusiya kunja, katapila imuponda."

Ngakhale amama anatseka pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Mzungu anayenda kukafika pamsuku, nayang'ana timiyala tija, ndi dothi lopanda udzu ngakhale umodzi. Anavula chipewa. Kenaka anabwerera, nazula chikhomo yekha, natenga nyundo kwa mesenjala, nandipatsa zonse ziwiri.

"Mayi, khomani pamene mufuna."

Ndinadzuka, ndinadutsa manda, ndinadutsa msuku, ndinawonjezeranso pang'ono kuti mizu isadzadulidwe. Ndinakhoma. Ndinaphonya kangapo, ndipo amene anabwera kudzandigwirira chikhomo anali amuna anga, atagwada m'matope ndi buluku lawo la ku ofesi. Amama anayambitsa nyimbo, ndipo tiyi uja, wozizira kale, mzungu anamwa makapu awiri.

Msewu unadutsa cha kumunsi. Amama anabwezera chitseko chachiswe akung'ung'udza, natenga chawo. Anabwerera kwawo ku Nkhata Bay amuna awo atapuma ntchito, ndipo mpaka ukalamba ankasimba kuti anaonapo mzungu wokonda umve. Pa zimenezo ine ndimagwirizana nawo. Mlendo akamabwera, nyumba umazira, ndipo atabweranso lero ndingazirenso.

Chaka chatha mdzukulu wanga wa ku Chibavi ananditengera kunyumba yakale ija pa galimoto. Tinapeza ana a sukulu atazungulira mnyamata wina wovala bwino, amene amafotokozera alendo mbiri ya malowo. Anawauza za amishoni, za njerwa, za zidindo za zala. Kamtsikana kena kanakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chake mpanda unakhota kumbuyo. Mnyamata uja anati mwina oyeza malo akale analakwitsa.

Mdzukulu wanga anandigwira mkono, podziwa pakamwa panga. Ndinamuchotsa dzanja, ndinayenda ndi ndodo yanga mpaka pamsuku, ndinakaitana kamtsikana kaja.

"Iwe, bwera kuno. Palibe analakwitsa. Pokhota apa ndi pa mwana wanga."