Telala Amene Anatembenukira pa Mlambe

Pa Balaka, akuluakulu akayamba kukamba za liwiro sachedwa kutchula Che Sufiyani, telala uja ankasokera pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi siteshoni ya sitima. Anali munthu wamfupi, woonda ngati nsungwi, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse. Sanali katswiri woti n'kumveka pawailesi iyayi. Ankangokonda kuthamanga basi. Akatuluka mumzikiti m'mamawa ankavula mkanjo, n'kutsala ndi kabudula wa kaki, uyo liwiro. Akabwerako asambe, akwere njinga, ulendo wa kuntchito. Poyamba anthu ankafunsana kuti, "Kodi a telalawa aba chiyani?" Kenako anazolowera.

Che Sufiyani anali mkamwini pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, kwao kwa akazi awo, a Kulusumu. Tinene zoona, kuchikamwiniko sankawerengedwa kwenikweni. Khasu silinkawayanja: mzere umodzi, msana wayamba kale. Alamu awo a Hassani, mlimi wa thonje wa manja ngati zikuni, ankakonda kunena pagulu kuti, "Mlongo wanga anakwatiwa ndi singano."

Chimene chinkawapatsa ulemu pamudzipo chinali chimodzi chokha. Chaka chilichonse pa 6 Julaye, pachikondwerero cha ufulu, pa Balaka pankakhala mipikisano iwiri yothamanga. Waufupi unkatembenukira pamlambe wina, mailosi awiri kuchokera pabwalo. Wautali unkafika mpaka pamlatho wa Rivirivi, mailosi asanu ndi awiri kupita, ena otero kubwerera. Pamlathopo ndi pamene amayi a pamudzi ankadikirira mkamwini wawo. A Kulusumu ankasenza ndowa ya madzi, amuna awo akafika n'kuwathira chikho chodzadza pamutu, nthungululu zili lululu! Zaka zisanu ndi zitatu anachita zimenezi. Che Sufiyani sanapambanepo n'kamodzi komwe, koma tsiku limenelo a Kulusumu ankayenda khosi lili njo, ndipo a Hassani ankakhala chete pafupifupi mlungu wathunthu.

Ndiye chinafika chaka cha 1984. Mwezi wa Ramazani unagwa mu Juni, Idi n'kukhala pafupi kwambiri ndi chikondwerero. Ha, ntchito inawagwera atelala chaka chimenecho! Kuno mikanjo ya Idi, uko madiresi a ana, apa nsalu za chipani za amayi okavina, aliyense akuti changa chiyambe. Che Sufiyani anasiya kupita kumudzi, n'kumagona kuseri kwa sitolo. Milungu isanu sanathamange n'phazi limodzi. Mumtima ankadzitonthoza ndi nzeru ya utelala. Makina awo anali opalasa ndi mapazi, ndiye ankati, "Miyendoyi ikugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kupalasa konseku si kuthamanga komwe?"

Si kuthamanga ayi. Patatsala masiku atatu anayesa kutsata njanji. Asanathe n'komwe mailosi atatu, chifuwa chinayamba kuyaka, m'nthiti mukubaya, m'maso muli mdima. Anakhala pansi pamiyala, kupuma kuli wefuwefu. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti makina sapumitsa munthu befu, ndiponso kuti zaka makumi anayi zinali zitakwana.

Wolemba maina a othamanga anali a Blasius, mphunzitsi wamkulu wa masharubu. Ataona telala akubwera anatsegula tsamba la mpikisano wautali osafunsa.

"Iyayi, aphunzitsi," anatero Che Sufiyani monong'ona. "Chaka chino mundilembe kwinako."

"Kwa pamlambe? Inu?" A Blasius anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwachita bwino, Che Sufiyani. Dzuwa la kuno silinyengerera. Munthu wosakonzeka amagwa."

Anachitadi bwino, ndipo palibe wanzeru akanawatsutsa. Cholakwa chinali china. Masana a pa 5 Julaye anapalasa kupita kumudzi, mawu oti akauze akazi awo atawakonza bwinobwino m'njira monse. Atafika anapeza a Kulusumu akukwecha ndowa ndi mchenga, amayi anayi atakhala pamkeka akuyeserera nyimbo yatsopano yotchula dzina lawo.

"Bambo a Nafisa, mawa musachedwetu," anatero a Kulusumu akuseka. "Chaka chino aitana ndi a tsidya lija omwe."

A Hassani anali chapomwepo akunola mpeni. Che Sufiyani anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ana alamu awo, mawu aja n'kubwerera kukhosi. "Inshallah," anatero, n'kutembenuza njinga. Manyazi ndi oipa, abale. Amamuuza munthu kuti khala chete, zikonzeka zokha.

M'mawa mwake anaima pamzere pamodzi ndi makalaliki a mimba, aphunzitsi awiri, ndi wogulitsa mankhwala wina wovala nsapato za ofesi. Mluzu utalira anathamanga maso ali pansi. Pamlambe anazungulira, msewu wa ku Rivirivi n'kuusiya ukupita wokha. Anafika wachitatu. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kulandira mphotho, thaulo la mizeremizere, ndipo analilandira ngati akulandira samani ya kukhoti. Atatero anakabisala kuseri kwa sitolo, akudziuza kuti amayi aja akaona kuti sakubwera adzibalalikira okha.

Dzuwa lili paliwombo, a mpikisano wautali onse atabwerako, womaliza anadutsa kuseri kwa sitolo kuja akutsimphina. "Che Sufiyani, muli pano? Kumlathotu kwavuta. Akuti mwagwa panjira."

Che Sufiyani njinga anaipalasa ngati yobedwa. Atadutsa mlambe uja pang'ono anaona munthu atagwada m'mbali mwa msewu, akusuzumira mumpaipi wodutsa madzi. Anali a Hassani, thukuta lili kamukamu, zisoso zitadzadza buluku lawo la Idi. Anali atayenda wapansi kuchokera kumlatho, akufufuza m'ngalande ndi m'tchire monse. Atadzutsa mutu anaona mlamu wawo ali panjinga, wouma bwinobwino, thaulo lili pakhosi.

"Alhamdulillah, muli moyo," anatero a Hassani. Sanatukwane, sanaseke. "Pitani. Mlongo wanga akukana kuchoka."

Kukanakhala kutukwana, bwenzi zili bwino. Che Sufiyani anamva manyazi mpaka m'mafupa.

Pamlatho panalibenso nyimbo. A tsidya lija anali atapita kalekale, ena akung'ung'udza, ena akuseka chamumtima. Panatsala a Kulusumu okha, ataima pambali pa ndowa yawo yonyezimira, maso ali kumsewu, nsalu yatsopano itanyowa ndi misozi pachifuwa. Othamanga onse anali atadutsa n'kupempha madziwo, koma iwo anakana kuti ali ndi mwini wake.

Che Sufiyani anatsika, n'kuyedzamiritsa njinga pachitsulo cha mlatho. Anafotokoza zonse, maso ali pazala za kumapazi: za milungu isanu, za makina, za miyala ya panjanji, za tsamba la a Blasius.

"Ndinaopa kukuchititsani manyazi pamaso pa abale anu, mayi a Nafisa."

A Kulusumu anapukuta misozi ndi nsalu yawo. "Ndiye mwaona kuti kuli bwino ndiime pano kuyambira m'mawa, ndikulira maliro a munthu amene akulandira thaulo?"

Telala anangogwiragwira thaulo lija.

"Mlambe umenewo ndimaudziwa," anapitiriza a Kulusumu, mawu atatsika. "Ndimapumirapo ndikamapita kuchigayo. Mukanangonena dzulo, ndowayi ndikanaisenza mpaka kumeneko, amayi onse aja ali pambuyo panga. Inu mumayesa zaka zonsezi ine ndimawerenga mailosi?"

Atatero anawerama, n'kutunga chikho chodzadza.

"Weramani."

Che Sufiyani anawerama. Panalibe woimba, panalibe wolulutira, ng'ombe zokha zikumwa kumunsi kwa mlatho. Madzi anatsika pamutu, kulowa m'khosi, kunyowetsa ndi thaulo lomwe. Anali atafunda chifukwa chodikira padzuwa, ndipo telala analira ngati mwana.