Tsiku Limene Ndinapala Keke ya Ukwati

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ngakhale mkazi wanga amati ndimachotserako dala zaka kuti mlandu uchepe. Tinali tisanathe chaka mu Leicester muno. Amayi anabwera ndi banja lina la amwenye a ku Limbe limene ankalilerera ana, ine n'kubwera ngati katundu wowonjezera. Ana aja atayamba sukulu ntchito inatha. Amayi anapeza ina ku fakitale yoluka masokosi, napezanso chipinda chimodzi ku Highfields, m'nyumba ya mayi wina wamasiye wochokera ku Jamaica. Eni nyumbawo msewu wonse unkawatchula kuti Anti Ivy.

Chipinda chimenecho musachiyese chinthu chaching'ono. Masiku amenewo mayi wakuda wokhala ndi mwana ankagogoda makomo khumi, konse n'kuuzidwa kuti chipinda chatengedwa m'mawa womwewo. Anti Ivy anatilandira. Koma ine ndinali nditawaswera kale zenera ndi mpira, ndiponso mphaka wawo ndinali nditamuveka sokosi kumutu. Atamuvula sokosiyo anauza amayi, ine ndili pomwepo, kuti ndikadzachita kachitatu tidzanyamule zathu. Ndipo kunja kunali kutayamba kuzizira.

Pansi pa masitepe panali kabati yamdima, ndipo m'menemo munkakhala chibotolo chachikulu ngati ndowa. M'kati mwake munali mphesa zouma, zipatso zina zouma zakuda ndi timakoko ta malalanje, zonse zitamira mu vinyo ndi ramu. Ramu ndi kachasu wa kwawo kwa Anti wotcheza kuchokera ku nzimbe, kungoti wawoyo ali ndi pepala pabotolo ndipo apolisi salimbana naye. Zipatsozo zinali zitaviikidwa chaka chathunthu, kuyambira tsiku limene mwana wawo Desmond anatomera mkazi. Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi Anti ankatsegula, kutakasa ndi mthiko, kuwonjezeramo ramu pang'ono, n'kutsekanso. Amayi anga, munthu wa mapemphero, ankadutsa pa kabatiyo atayang'ana kumbali.

Ukwati unali Loweruka, ndipo makeke anayenera kukhala atatu osanjikiza. Awiri aang'ono anaphikidwa ine ndili kusukulu, natsekeredwa m'zitini pamwamba pa wadiropu. Sindinawaone. Lolemba linali tsiku la keke yaikulu yokhala pansi. Ndinafika kuchokera kusukulu nyumba yonse ikununkhira ngati wina wasakaniza bekale ndi bala ya mowa. Anti anali atavala chikhoti, akupita kwa telala kukayesa diresi.

"Iwe Malawi," ndi mmene ankandiitanira, "ikakwana faifi koloko uzimitse uvuni. Usatsegule, usanunkhize, usaganize. Wamva?"

"Ndamva, Anti."

Ndinamvadi. Koma anyamata anaimba mluzu panja, ndipo mpira wa mumsewu suyendera koloko. Ndinabwerako sikisi itatsala pang'ono kukwana. Ndinazimitsa uvuni n'kutsegula, popeza kuganiza anali atandiletsa kale.

Keke inali yakuda bii, ngati pansi pa mphika.

Kwathu ku Ndirande amayi ankaphika chigumu mu sefuliya, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Chikapserera panalibe wolira. Unkatenga mpeni, kupala chakudacho, ndipo pansi pake pankatuluka chigumu chachikasu bwinobwino. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa, chifukwa zopalazo zinkakhala zanga. Choncho ndinatenga nsalu, kutulutsa chitini, kuikhuthulira keke ija patebulo, n'kusolola mpeni wa buledi.

Ndinapala pamwamba. Pansi pake pakuda. Ndinati moto unalowerera ndithu, ndipale kachiwiri. Pakudabe. Ndinapala m'mbali monse, kenaka ndinatenga supuni n'kukumba pakati, kufuna pamene keke yeniyeni inayambira. Zopalazo sindikanataya m'bini, Anti akanaziona, ndiye ndinkazidya. Apa ndi pamene uchitsiru wanga umaonekera bwino. Zinthuzo zinali zofewa, zonyowa, zotsekemera, zotenthetsa pakhosi pang'ono. Za kupserera munalibe ngakhale fungo. Lilime linkandiuza zoona, koma mutu wonse unali pa chipinda chija. Pamene chitseko chinkatseguka, keke yomwe inali ngati gudumu la wilibala inali itasanduka chulu chogumulidwa ndi ana.

Analowa awiri, Anti ndi amayi, atakumana m'basi. Anti anaika chikwama pampando. Amayi anayang'ana keke, nayang'ana mpeni, nayang'ana pakamwa panga. Kenaka anagwada pansi chikhoti chili m'thupi, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono monga tichitira kwathu. Anti anabwerera m'mbuyo.

"Mayi, dzukani, pansipo mpozizira. Ine si bishopu."

Amayi sanadzuke. Anangondiuza m'Chichewa kuti, "Kwera ukatsitse sutikesi."

Anti Chichewa sankachidziwa, koma liwu loti sutikesi analimva. "Asapite kulikonse ameneyu. Malawi, tandiuza chimene keke yanga inakulakwira."

Ndinafotokoza zonse: mpira, kuchedwa, chigumu cha ku Ndirande, mpeni. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anakwera m'mwamba, natsika ndi chitini chimodzi, nachitsegula n'kuvundukula pepala. Keke yaing'ono ija inali yakuda bii, ikunyezimira.

"Iyinso unapsereza ndiwe?"

Ndinapukusa mutu.

"Unalawa?"

"Ndinalawa, Anti."

"Inkawawa?"

"Ayi."

"Ndiye m'katimo unkafunamo chiyani, makiyi?"

Anandiuza kuti moto unali wochepa kwambiri, moti kuchedwa kwangako kukanangoumitsa pamwamba pang'ono, ramu n'kudzakonza. Ndikanaisiya mmene inalili n'kunena kuti ndachedwa, ndikanalandira khofi limodzi basi. M'chibotolo chija munali mutatsala zipatso zimene ankasungira keke ya Khirisimasi. Anatembenukira kwa amayi nati, "Mawa sapita kusukulu, aphika ina ndi manja akewa. Za chipinda tidzakamba Lamlungu, alendo atadya."

Lachiwiri m'mawa anandipatsa beseni, mthiko, batala ndi shuga wofiirira. Ndinatakasa mpaka phewa linachita dzanzi. Anti ankapisamo zala ziwiri, kutikita, n'kunena kuti akumvabe mchenga. Zitayera n'kufewa, tinayamba mazira khumi ndi awiri, limodzilimodzi, lililonse kuliswera kaye m'kapu momwe munali kakhoko ka ndimu kopha fungo. Zipatso zija tinazipera m'chopukusira nyama, zinatuluka ngati matope a kudambo. Ufa wa tirigu unali wochepa modabwitsa. Keke imeneyi mwini wake ndi zipatso, ufa umangobwera kudzagwirizanitsa. Zonunkhiritsa anawazamo sinamoni, napaliramo natimegi.

Kenaka anaika kamphika kachitsulo pamoto, nathiramo shuga wouma, n'kungoima manja ali m'chiuno. Shuga anasungunuka, nafiira, nada, nayamba kufuka utsi woyabwa m'maso. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndiphule, mthiko n'kundipeza pa zala. Atada ngati phula la mumsewu, anathiramo madzi otentha, kamphika kanalira, nthunzi n'kufika kudenga. Masupuni anayi a zimenezo analowa m'beseni, ndipo ntchito yanga yonse yoyera ija inada ndikuona, uvuni isanaigwire n'komwe. Anti sanandiyang'ane. Sanafunikire kutero.

Tinayala pepala m'chitini, kukhuthuliramo, kuika mu uvuni pamoto wochepa, mbale ya madzi ili pansi pake kuti keke isaume. Maola anayi ndinakhala pampando kutsogolo kwa uvuniyo. Anyamata anaimba mluzu mpaka anatopa. Itatuluka, Anti anaibayabaya ndi singano yolukira juzi, nathira ramu ikadali yotentha. Inamwa yonse osatsalako dontho. Tsiku lililonse tinkaivundukula n'kuimwetsanso, Anti akudandaula kuti keke yotere imafuna masabata, iyi ya masiku anayi ndi mwana wobadwa masiku asanakwane. Lachisanu anaimata shuga woyera, kukuda konse n'kubisika.

Pa ukwati amayamba kudula yapansi. Ine mpunga sindinaudye tsiku limenelo, ndinkangoyang'ana pakamwa pa anthu. Panali azakhali a mkwatibwi, mayi wa chipewa chachikulu wochokera ku Derby, amene aliyense ankadikira kuti alawe kaye. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Kenaka anati keke ndi yaing'ono msinkhu, koma amene anatakasa batala ali ndi dzanja. Anti anangoti zikomo.

Lamlungu pochokera kutchalitchi amayi anakhala pabedi, katundu atamanga kale. Tinamva Anti akukwera masitepe. Anaima pakhomo, nayang'ana sutikesi.

"Chinthu ichi chikupinga njira. Mwanayu asesa bwanji?"

Anatsika. Nkhani ya chipinda inathera pomwepo, ndipo tinakhalamo zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Chilango chenicheni chinabwera pa Khirisimasi. M'nyumba ya Anti Ivy munalibe keke chaka chimenecho, pamene anthu ankachokera kutali kudzaidya. Mlendo aliyense akafunsa, Anti ankati, "Funsani Malawi." Ndinkaimirira pakati pa balaza n'kufotokoza kuyambira pa mpira mpaka pa supuni, ndipo ndikadumpha pena ankandibweza. Ndinafotokoza kwa abusa, kwa Desmond ndi mkazi wake, ngakhale kwa bambo wina wogontha amene anati ndiyambirenso.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndagwira ntchito m'mafakitale ndi m'mabasi, ndakwatira, ndalera ana, ndipo zinthu ndawononga zambiri ndithu. Koma ndikaziganizira tsopano, zochuluka sizinawonongeke pamene ndinalakwitsa. Zinawonongeka pamene ndinkakonza mwakabisira, mothamanga, mwini wake asanafike, ndikugwiritsa nzeru za kwathu pa chinthu cha eni chimene sindinkachidziwa. Masiku ano ndikaona chinthu chachilendo chikuoneka ngati chawonongeka, ndimapisa manja m'thumba n'kudikira mwini wake kuti ndimuuze zimene ndaona. Ana anga amati umenewo ndi ulesi. Ndimawasiya, chifukwa nthawi zina amakhala akunena zoona.