Nthochi ya a Vailet ku Chinyonga

A Vailet Nyakuipa, telala wa mumsika wa Limbe, anakulira ku Nsanje kotentha. Atapeza nyumba ku Chinyonga, anabweretsa mphukira zitatu za nthochi kuchokera kwawo. Mphepo ya chiperoni itawomba mu Juni, ziwiri zinafota mpaka kuuma.

"Kuno n'kozizira, mayi. Ingodzalani mpiru," anatero a Chester, eni nyumba.

"Ayi bambo, yatsalayi ibereka pompano," anayankha a Vailet.

Anaizula n'kukaidzala kuseri kwa bafa, kumene khoma limatchinga mphepo. Anaphimbira patsinde ndi udzu, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankaithirira. Patatha chaka ndi theka inabereka mkoko waung'ono wa mapava anayi. Tsiku limene anaudula, anakumba maenje ena awiri m'mbali mwa khomalo.