Khadi Linadzaza Mkwatibwi Asanatuluke

Ntchito yojambula zithunzi sindinachite kuifunafuna. Nditasiya sukulu, amalume anabwera kwathu ku Mwadzama n'kuuza mayi kuti akufuna mtsikana wowathandiza pa situdiyo yawo ku Ngala. Chifukwa chake ananena poyera: pa maukwati a Chisilamu mwamuna salowa m'nyumba imene akuvekeramo mkwatibwi, ndiye anthu ankawasiya n'kukaitana ena. Mayi anavomera ine ndisanafunsidwe. Ndinkagona kwa amalume, kudya kwa amalume, moti kusiya ntchito kukanakhala kusiya nyumba.

Situdiyoyo inali kachipinda kamalata kopanda zenera. Munali nsalu yabuluu yojambulirapo zithunzi za ziphaso, laputopu yakale, ndi kamera imodzi. Tsiku loyamba amalume anandionetsa mitundu iwiri ya mafayilo. "JPEG ndi nsomba yowamba kale," iwo anatero. "Kamera yaifinya, yataya zina, ndipo sungaibwezere. RAW ndi yaiwisi, umaikonza mmene ukufunira." Chithunzi cha RAW chikatuluka chakuda, umatha kuchiwalitsa pa laputopu nkhope n'kuoneka bwino. Vuto lake ndi kulemera. Pa kamera yathuyo chimodzi chinkakwana mamegabayiti oposa makumi awiri, pamene cha JPEG sichinkafika ndi theka lomwe.

Kulemera kumeneko ndi komwe kunkandisunga m'kachipindako. Ntchito yanga yaikulu inali kukopera zithunzi kuchoka pa memori khadi kupita pa laputopu, n'kumadikira kamzere kobiriwira kakuyenda ngati nkhono. Magetsi akazima, laputopu nayo inkazima chifukwa batire lake linafa kale, ndiye ndinkayambiranso. Sindinkaloledwa kuchokapo. Anzanga ankadutsa panja akupita kumsika, ine thukuta lili kamukamu. Malamulo anali awiri: usajambule JPEG, ndipo usakhudze zochunira kamera.

Kenako tinaitanidwa ku ndowa, ukwati wa Chisilamu, ku Liwaladzi. Pofuna kuti tijambule mbali zonse ziwiri, amalume anabwereka kamera yatsopano kwa a Nyirenda, mnzawo wogwira ntchito ku fakitale ya shuga. Iwo anatenga yakale n'kupita ndi amuna kumzikiti. Ine anandipatsa yatsopanoyo, n'kuikamo khadi lomwe masiku onse linkakwanira ukwati wathunthu. Tonse sitinadziwe kuti kamera imeneyi imatulutsa RAW yosafinya, yolemera kuposa ya kamera yathu katatu kapena kupitirira.

M'mawa wonse ndinajambula mosaumira: ophika, atsikana ovina, alendo akufika. Dzuwa litakwera anandilowetsa m'nyumba ya mkwatibwi n'kutseka chitseko. Mkwatibwiyo, Asiyatu, anali wamasiye, ndipo amene anamulera ndi azakhali ake, mayi wamtali wa mawu okuluwika amene ankalamula chilichonse m'chipindamo. Iwowo ndinali nditawajambula kambiri panja, atavala chitenje chatsopano chagolide.

Atangoyamba kumumanga mpango Asiyatu, kamera inakana kujambula. Khadi linali litadzaza.

Ndinaimbira amalume, foni yawo inali yozima chifukwa anali mumzikiti. Khadi lina linali m'thumba mwawo. Ndinayang'ana kuchitseko, azakhali aja n'kundiona.

"Ukupita kuti, mwana iwe? Chitseko ichi sichitsegulidwa mpaka mkwatibwi atuluke."

"Amayi, kamera yadzaza."

"Yadzaza chiyani? Sunayambe n'komwe."

Chipinda chinali chamdima, kuwala kumalowera pa kazenera kamodzi. Ndikanasinthira ku JPEG, nkhope ya Asiyatu ikanatuluka yakuda, yosatheka kuikonza. Ndinaphwanya lamulo n'kulowa m'zochunira. Ndinapezamo RAW yofinyidwa, imene kamerayo inkaonetsa kuti sitaya kanthu koma imadya malo ochepa. Ndinaisankha. Koma khadi lodzaza ndi lodzaza basi. Kuti ndijambule, ndinayenera kufufuta zina.

Ndinayamba ndi zosaoneka bwino ndi za anthu otsinzina, koma zinali zochepa. Amayi onse amene anali m'chipindamo ankandiyang'ana, Asiyatu misozi ikulengeza. Ndinagwada pafupi ndi azakhali n'kuwafotokozera kuti chithunzi chimodzi cham'mawa chikachoka, m'malo mwake mulowa ziwiri za mkwatibwi. Anatenga kamerayo n'kumayang'ana pamene ine ndimatembenuza zithunzi. Anaona ophika, anati asiye, abwera kuchokera kutali. Anaona achibale a mwamuna, anati amenewo usayerekeze. Kenako tinafika pa zithunzi zawo.

"Fufuta izi."

"Zonse, amayi?"

"Zonse. Ine amandiona tsiku ndi tsiku. Uyu akukwatiwa lero lokha."

Asiyatu anati, "Ayi azakhali, musatero." Iwo anangomuwongola mutu n'kupitiriza kumanga mpango. Ndinafufuta chimodzichimodzi, kamera ikundifunsa pa chilichonse ngati ndatsimikiza. Malo amene anapezeka ndinawagwiritsa ntchito mosamala, kudikira kaye kuti nkhope itembenukire kuzenera ndisanadine. Kawiri ndinaloza kamera kwa azakhali, kawiri anandibweza ndi dzanja. Mkwatibwi anatuluka khadi litatsala pang'ono kudzazanso. Pofika nthawi imene amalume anandipatsa khadi lina, azakhali anali atasintha zovala, ali kuseri pautsi akugawa mpunga, ndipo anakana kujambulidwa ali choncho.

Mavuto sanathere pomwepo. Mawa lake pulogalamu yakale ya pa laputopu inakana kutsegula mafayilo ofinyidwa aja. Amalume anandikalipira. "Ndinati chiyani za zochunira?" Ndinalibe kothawira. Tinayesa za m'mawa, zosafinya zija, nazonso zinakana. Pulogalamuyo sinkaidziwa kamera yatsopanoyo m'pang'ono pomwe. Amalume anakwera kabaza kupita kwa a Nyirenda, omwe anatibwereka laputopu yawo, ndipo ndinakhala m'kachipinda kaja sabata yonse ndikuwalitsa nkhope ya Asiyatu chithunzi ndi chithunzi.

Lero ndili ndi kamera yangayanga, ndipo ndagwirapo zamitundumitundu. Iliyonse imalemba RAW yakeyake, ina yopepuka, ina yolemera, ina yofinyidwa mwa njira imene makompyuta ena saimva. Ndiye kamera yachilendo ikafika m'manja mwanga, ndimajambula kaye chithunzi chimodzi, n'kuona kukula kwake, n'kuchitsegula pa kompyuta imene ndidzagwirirepo ntchito. Khadi lapadera limakhala m'thumba langa, osati la munthu wina. Ndipo ndikafika pa ukwati ndimafunsa kuti analera mkwatibwi ndani, n'kuonetsetsa kuti munthuyo ndamujambula ali pambali pa mwana wake.

Tsiku lokapereka zithunzi ku Liwaladzi, azakhali aja anaziona zonse mosathamanga, akutchula mayina a anthu. Iwo sanali pa chithunzi chilichonse. Atafika pa china chomwe Asiyatu waweramitsa mutu, manja awiri okhwinyata akumumanga mpango, anaima. Anachiyandikizitsa kumaso, n'kuyang'ana manja awo, n'kuyang'ananso chithunzicho.

"Ichi ndiye ndisunga ine," anatero, n'kuchilowetsa m'chitenje.