Tsiku Limene Ndinagwetsa Ndege pa Michiru

Ndinali ndi zaka khumi pamene achimwene anga a Fanuel anayambitsa masewera a ndege. Tinkakhala ku Chileka, kumene bambo ankagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege. M'dzinja, mvula ikatitsekera pakhonde, achimwene ankajambula bwalolo ndi makala pathebulo lakale, phiri la Michiru chapambali. Zitsekerero za mabotolo ndizo zinali anthu. Aliyense ankasankha munthu woti akhale, achimwene n'kumasimba zimene zikuchitika m'mwambamo. Pakagwa vuto tinkaponya makoko a mtedza. Ambiri akagwa chagada, ndiye kuti wapulumuka.

Ine ankandipatsa chitsekerero chimodzimodzi masiku onse: mtsikana wogawira anthu tiyi m'ndege. Sindinkaponya makoko, popeza wogawa tiyi sakumana ndi mphepo.

Chaka chimenecho kunabwera msuweni wathu Yohane wa ku Lirangwe, mnyamata wamtali wa manja okhakhala, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba kusewera naye, ndinatola chitsekerero chofiira.

"Lero ndege ndiyendetsa ndine."

Achimwene anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Woyendetsa ndege amavala buluku. Ukufuna apolisi akugwire? Ngati sukufuna tiyi, choka."

Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndiye mawuwo anandilowa ndithu. Koma chitsekererocho ndinachifumbatabe.

Yohane anatola chake mwakachetechete. "Ine ndikhala namwino. Muli mayi wodwala m'ndegemu."

"Iwe, mwamuna wathunthu?" anafunsa achimwene.

"Amayi atadwala chaka chatha, ankawasambitsa ndani? Ankawamwetsa phala ndani?"

Tonse tinkadziwa kuti azakhali, mayi ake a Yohane, anagona miyezi, ndiponso kuti Yohane alibe mlongo. Achimwene anakanda m'mutu, n'kunena kuti tiyambe.

Anandiunjikira mavuto onse: chifunga, mphenzi, injini kutsokomola. Ndinaponya makoko, ndipo onse anagwa chafufumimba. Ndege yanga inawomba phiri la Michiru.

Achimwene anati, "Ndinanena ine! Akazi…"

"Inu dzulo munaigwetsa kangati?" ndinawadula. "Alipo ananena kuti n'chifukwa choti ndinu mwamuna? Ndi makoko basi."

Yohane sanatiyembekezere kuti timalize mkangano. Anali atayamba kale kukoka zitsekerero paphiri, akumanga mabala, akutonthoza mayi wodwala ndi mawu ofewa amene sindinali ndinawamvapo pakamwa pake. Tonse tinayamba kumuthandiza, ndi achimwene omwe. Sitinasewerepo masewera okoma ngati a tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinayendetsanso ndege, ndipo palibe anatchula za buluku.

Sindinakhale woyendetsa ndege. Ndinaphunzitsa ana ku pulayimale mpaka kupuma ntchito. Koma pathebulo lija ndinaphunzira zimene sindinaziphunzire ku koleji. Mwana akamasankha munthu woti akhale m'masewera, amakhala akuyesa moyo wake ngati mmene timayesera chovala kwa telala. Ukamukaniza, amayamba kukhulupirira kuti sichingamukwane, chonsecho sanachivalepo. Ndinazindikiranso kuti mpanda umene unkanditsekera ine kunja, unkatsekera Yohane mkati. N'chifukwa chake m'kalasi mwanga, ana akamagawana mbali za sewero, sindinkaloza munthu. Ndinkangofunsa kuti, "Akufuna ndani?" n'kudikira pang'ono, kufikira dzanja lamanyazi lija litakwera.